Kalasi ndi giredi ya njira yokwerera phiri: kawerengedwe kake musananyamuke

Mukatsegula buku lolondolera okwera mapiri la ku America, kapena mukafufuza pa intaneti njira yopita pansonga ya phiri lina la kumeneko, pambali pa dzina la njirayo mupeza timanambala. Pena alemba kuti Class 3. Pena alemba kuti Grade IV. Pena aunjika zonse pamzere umodzi motere: III 5.7 R. Anthu ambiri amangoona kukula kwa nambala n'kuganiza kuti 4 ndi mkulu wake wa 3, basi. Kusokonekera kumayambira pomwepo, chifukwa kalasi ndi giredi zimayeza zinthu ziwiri zosiyana.

Kalasi imanena zimene manja ndi mapazi anu akachite pamalo ovutitsitsa a njira yonseyo. Giredi imanena kutalika kwa nthawi imene mukakhale muli pathanthwe, komanso kuvuta kwa kubwerera zinthu zikathina muli pakati. Zili ngati powoloka mtsinje: funso lina ndi lakuti pozama kwambiri madzi alekeza pati, m'mawondo kapena m'khosi, ndipo lina ndi lakuti tsidya linalo lili kutali bwanji. Wodziwa yankho limodzi lokha, mtsinjewo sanaudziwebe.

Kayezedwe kameneka kanabadwira ku California ndipo kwawo n'komweko, koma ife kamatipeza. Mlendo wa ku America akafika pa Likhubula amafunsa gaidi kuti Sapitwa ndi kalasi yanji. Abale athu okhala ku Cape Town, ku Britain kapena ku America akayamba kukonda mapiri, amakumana ndi manambala otere tsiku loyamba lomwe. Nayi ndondomeko imene ndikuona kuti munthu ayenera kutsata asanamange chikwama.

Choyamba: dziwani kuti manambalawo ndi a dziko liti

Musanakhulupirire nambala iliyonse, onani kumene phirilo lili ndi kumene wolembayo akuchokera. Zimene ndikufotokoza pano ndi kayezedwe kotchedwa Yosemite Decimal System, kamene amatsata ku United States ndi ku Canada. Mukaona mawu oti Class otsatana ndi nambala ya pakati pa 1 ndi 5, kapena nambala yoyamba ndi 5 ndi kadontho monga 5.6, muli m'kayezedwe kameneka. Mukaona zina, imani kaye. Pali msampha waukulu pamenepa, koma umamveka bwino munthu akadziwa kaye giredi ya ku America, ndiye ndiutchula kutsogoloku.

Chachiwiri: werengani kalasi, mudzifunse kuti manja akagwira ntchito yanji

Makalasi anayamba ndi bungwe la Sierra Club m'zaka za m'ma 1930, pofuna kuuza mamembala ake zimene akakumane nazo m'mapiri a Sierra Nevada. Kuti muwakumbukire mosavuta, ganizirani za manja.

Pa Class 1 mukuyenda m'njira yopondeka bwino, manja alibe ntchito kupatula kugwira ndodo. Pa Class 2 njira ija yayamba kuzimiririka, mukuponda miyala yogubuduka ndi zitsamba, ndipo mwa apo ndi apo mukutsamiza dzanja pamwala kuti musapendekeke. Dzanjalo likungothandizira, silikukoka thupi.

Class 3 ndi pamene manja ayamba kukoka. Amene munakwerapo Mulanje mukuidziwa nthawi imene gaidi amatembenuka n'kunena kuti, "Apa ndodo ija ndipatseni, bwana, mugwire ndi manja onse awiri." Maso ali pothira phazi, zala zikufunafuna kamng'alu, bondo likukhula pamwala, chikwama chikukukokerani chagada. Pamenepo mwachoka mu 2, mwalowa mu 3. Ambiri samanga chingwe pa kalasi imeneyi, koma kugwa kukhoza kuthyola mwendo, ndipo pamalo ena kukhoza kupha.

Pa Class 4 thanthwe laima chilili. Pogwira ndi poponda palipo ndithu, koma pansi panu pali phompho, ndipo wogwa wopanda chingwe kawirikawiri sadzuka. Ambiri apa amamanga chingwe. Class 5 ndiko kukwera matanthwe kwenikweni: chingwe, lamba wa m'chiuno, chipewa cholimba, zitsulo zolowetsa m'ming'alu, ndi mnzanu amene ntchito yake ndi kukugwirirani chingwe kuti mukaterereka mulendewere m'malo mofika pansi.

Kuona kwanga, makalasi oopsa kwambiri kwa munthu wamba ndi 3 ndi 4. Wopita pa Class 5 amadziwiratu kuti pakufunika zida ndi maphunziro, ndiye amakonzeka. Wopita pa 3 amanyamuka ndi nsapato zothamangira ndi botolo la madzi, poganiza kuti ndi nambala yapakatikati, n'kukapezeka atakanirira pamwala wopanda chomugwira, kutsogolo kukuopsa, kumbuyo kukuopsanso. Njira ya Keyhole ya pa Longs Peak ku Colorado, phiri lotalika mamita 4,346, ndi Class 3 basi, koma yatenga miyoyo ya anthu ambiri ndithu.

Nambala ya kalasi amaipereka poyang'ana malo amodzi ovutitsitsa. Njira ya makilomita 10 yongoyenda, koma yokhala ndi mamita 5 okha a Class 4 pafupi ndi nsonga, imalembedwa Class 4. Ina imene ndi Class 4 kuyambira pansi mpaka pamwamba imalembedwanso chimodzimodzi. Choncho musakhutire ndi nambala yokha. Werengani mafotokozedwe a njirayo kuti mudziwe ngati povutapo ndi pamodzi kapena ndi ponseponse, ndiponso kuti pali cha pati. Pakakhala koyambirira ndi bwinoko, chifukwa mukalephera mumabwerera muli ndi mphamvu zanu. Pakakhala kumapeto pamakupezani miyendo ikunjenjemera kale.

Nambalayo ndi ya munthu amene wadutsa penipeni pamene njira imadutsa, pamwala wouma. Mukaphonya mzere ndi mapazi owerengeka okha, Class 3 ikhoza kusanduka Class 5. Mvula ikawaza, thanthwe limene mumayendapo chilili limakana nsapato, makamaka pamene pamera ndere. Ndipo kutsika kumavuta kuposa kukwera, pakuti mapazi ndi amene amatsogola pomwe maso atsalira m'mwamba. Mukakumana ndi Class 4 ya m'buku lakale la ku Sierra Nevada, iopeni kuposa nambala yake. Akale aja anali olimba mtima ndipo sankakweza manambala wamba.

Chachitatu: ngati ndi Class 5, werengani za kuseri kwa kadontho

Class 5 ndi yotakata kwambiri moti anachita kuigawa. Izi zinachitikira pa thanthwe la Tahquitz kum'mwera kwa California m'zaka za m'ma 1950, pomwe okwera anandandalika njira zawo kuyambira 5.0 mpaka 5.9. Nthawi imeneyo 5.9 ankaitenga ngati malire a zimene munthu angathe, ndipo chitsanzo chake chinali njira ya Open Book imene Royal Robbins anakwera mu 1952. Anthu atayamba kupyola pamenepo, anangopitiriza kuwerenga: 5.10, 5.11, 5.12. Ndiye samalani, 5.10 si 5.1 ayi. Yoyambayo ndi ya munthu amene wakhala akukwera kwa nthawi, inayo ndi ya wophunzira. Kuyambira pa 5.10 amawonjezera zilembo a, b, c ndi d, kotero 5.11a ndi yofewerapo kuposa 5.11d, ndipo ikatha 5.11d kumabwera 5.12a.

Munthu wathanzi lake amene akuyamba kumene, ali pachingwe chomangidwa kumwamba, amatha kukwera mpaka cha pa 5.6. Kuchoka pa 5.7 kufika 5.9 pamafunika luso la kapondedwe ndi kagwiridwe ka ming'alu. Kupitirira apo ndi za anthu amene amachita kukonzekera mlungu ndi mlungu. Pamwamba penipeni pali 5.15d, imene inaperekedwa koyamba kwa njira yotchedwa Silence, yomwe Adam Ondra anakwera m'phanga la ku Flatanger m'dziko la Norway mu 2017. Njira imeneyo ndi ya mamita pafupifupi 45 okha. Kalasi yake ili kumapeto kwa sikelo, koma wolephera amangotsitsidwa ndi chingwe n'kukhala pansi kupuma. Apa m'pamene kalasi imalekezera, giredi n'kuyamba.

Chachinayi: yang'anani nambala ya Chiroma

Giredi imalembedwa ndi manambala a Chiroma, kuyambira I mpaka VI, pena mpaka VII, ndipo imakhala koyambirira kwa mzere. Inakhazikika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, okwera atayamba kulimbana ndi makoma ataliatali a m'chigwa cha Yosemite ku California. Zinaonekeratu kuti 5.8 ya mamita 30 ndi 5.8 ya mamita 600 si ulendo umodzi.

Grade I ndi ola limodzi mpaka atatu. Grade II siifika theka la tsiku, pomwe III imadya theka la tsiku lonselo. Mabuku amasiyana pang'ono pa maola a magiredi atatuwa, koma kuyambira pa IV amagwirizana: IV ndi tsiku lathunthu, kuyamba m'bandakucha n'kumaliza dzuwa litapendeka. Pa V ambiri amagona usiku umodzi pathanthwe. Pa VI ndi masiku angapo, kukoka thumba la madzi ndi chakudya kumbuyo kwanu, kugona pakashelefu ka mwala kapena pakabedi kolendewera pakhoma. VII amaisungira makoma akutali kwambiri, monga a ku Baffin Island kumpoto kwa Canada kapena kumapiri a Karakoram ku Asia, kumene wovulala sayembekezera kuti wina abwera msanga.

Maola amenewa si anu ayi. Ndi a anthu awiri ozolowerana, odziwa kusinthana chingwe mwachangu, amene kalasi ya njirayo siwathetsa mpweya. Tengani njira ya The Nose ya pa El Capitan ku Yosemite, khoma la mamita pafupifupi 900, imene amailemba VI 5.9 C2 (za C2 ndifotokoza kutsogoloku). Oyamba kuikwera, Warren Harding, Wayne Merry ndi George Whitmore, anafika pamwamba mu 1958 patatha masiku 47 a ntchito pakhomapo, omwazikana m'miyezi yoposa chaka. Lero ambiri amatenga masiku atatu mpaka asanu. Mu 2018 Alex Honnold ndi Tommy Caldwell anaikwera osakwana maola awiri. Giredi yake sinasinthe, ikadali VI, chifukwa imanena za anthu apakatikati aja. Ngati kalasi ya njira ili pafupi ndi malire anu, onjezerani giredi imodzi m'mutu mwanu. Grade III ya mnzanu ikhoza kukhala IV kwa inu.

Chinanso chimene chimagwetsa anthu m'mavuto n'chakuti giredi imawerenga nthawi ya pathanthwe pokha. Ulendo wochoka pomwe mwasiya galimoto kukafika patsinde pa khoma suwerengedwa kawirikawiri, ngakhalenso wotsika. Njira ya Snake Dike ya pa Half Dome, phiri la ku Yosemite komweko, ndi III 5.7 R, theka la tsiku papepala. Koma kuti mukafike poyambira mumayenda maola angapo chokwera, mukamaliza za chingwe pamatsala matanthwe otsetsereka oti muyende mpaka pansonga, kenako kutsika mtunda wautali kubwerera m'chigwa. Ambiri amanyamuka kukadali mdima n'kubwerera kutada.

Ndiye pali nkhani ya kubwerera, imene kwa ine ndiyo mtima wa giredi. Okwera amagawa khoma m'magawo a utali wa chingwe, gawo lililonse amalitcha pitch. Mvula ikayamba muli pa Grade I, mumatsika chingwe chimodzi kapena ziwiri, mwafika pansi. Ikayamba muli pagawo lachisanu ndi chinayi la Grade IV, mukufunika kutsika ndi chingwe kambirimbiri, kusiya zitsulo pakhoma paliponse pomangira, manja atazizira, ndipo chingwe chikakodwa m'mng'alu pokoka, wina akwerenso kukachimasula. Njira zina zimayenda chopingasa moti kubwerera momwe mwadzera sikutheka, potulukira ndi pamwamba pokha. N'chifukwa chake giredi ndi imene imakuuzani zonyamula. Kuyambira pa III, tochi ya pamutu, jekete ya mvula, chovala chofunda ndi madzi okwanira zisatsale, ngakhale kutacha bwino chotani.

Njira za Class 1, 2 ndi 3 kawirikawiri sizikhala ndi giredi. Pamenepo yang'anani makilomita ndi mamita oti mukwere.

Msampha uja

Nambala ya Chiroma ikakhala m'buku la ku Ulaya, tanthauzo lake limatembenuka. Kayezedwe ka UIAA, bungwe la okwera mapiri la dziko lonse lapansi, kamene amatsata ku Germany, ku Austria ndi kumadera ena a mapiri a Alps, kamagwiritsa ntchito manambala a Chiroma poyeza kuvuta kwa pogwira ndi poponda, ntchito imene ku America imagwiridwa ndi kalasi. IV ya UIAA ili cha pa 5.4 kapena 5.5, ndipo sinena chilichonse za maola. Izi zimatikhudza pafupi, chifukwa njira za pa Mount Kenya zimalembedwa mwa mtundu umenewu. Njira yodziwika yokwerera nsonga ya Batian, ya mamita 5,199, kudzera kumpoto amailemba IV+, ndipo nambalayo ikunena za kagwiridwe ka mwala.

Ku Britain, njira zokwera ndi manja popanda zida zambiri amazipatsa Grade 1, 2 ndi 3. Wozolowera za ku America akaona Grade 1 angaganize kuti ndi kaulendo ka maola awiri, kapena kuisokoneza ndi Class 1 yongoyenda. Koma mzere wa Crib Goch ku Wales ndi Grade 1, ndipo ndi msana wa mwala wopyapyala wokhala ndi phompho uku ndi uku, wofanana ndi Class 3. A ku France amayeza ulendo wonse wa paphiri ndi zilembo F, PD, AD, D, TD ndi ED, kuchoka pa wofewa kufika pa wovutitsitsa. Ku South Africa njira za matanthwe zimakhala ndi nambala imodzi yopanda kadontho, monga 15 kapena 21, ndipo pa Table Mountain mukumanabe ndi zilembo zakale, A ya kuyenda, B ya kugwira ndi manja, n'kumakwera choncho. Matebulo osinthira manambalawa alipo pa intaneti, koma atengeni ngati ongoyerekeza.

Chachisanu: musadumphe zilembo za kumapeto

Kalembo kakang'ono ka kumapeto kwa mzere nthawi zina ndi kamene kayenera kukubwezani. R amatanthauza kuti malo omangirira chingwe ndi otalikirana, moti wotsogola, amene amakwera patsogolo n'kumamangirira chingwe, akagwa amagwa mtunda wautali ndipo akhoza kuvulala kwambiri. X amatanthauza kuti akhoza kufika pansi kapena kufa ngakhale ali pachingwe. Snake Dike ija yakhala ikudziwika ndi zimenezi: kukwera kwake n'kofewa kwa wodziwa, koma wotsogola amayenda kutali chingwe chikungolendewera m'munsi mwake. Wotsogola pa njira ya R akhale amene kalasiyo imamuchepera kwambiri.

A kapena C wotsatana ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 5 amanena za kukwera modalira zitsulo, pamene munthu amalowetsa chitsulo m'mng'alu, n'kukolekapo timakwerero tansalu, n'kuponda. Kale ankati Class 6. A ndi pofunika kukhoma ndi hamala, C ndi pongolowetsa ndi manja n'kuchotsanso osawononga mwala, ndipo nambala ikamakula ndiye kuti zitsulozo n'zosadalirika. Pa The Nose, 5.9 C2 ikutanthauza kuti mbali zina mukwera ndi manja ndi mapazi, zina modalira zitsulo. Kuikwera yonse ndi manja ndi mapazi okha, monga anachitira Lynn Hill koyamba mu 1993, lero amakuyesa 5.14a.

Chachisanu ndi chimodzi: werengani mzere wonse pamodzi

Manambalawa ndi a njira, si a phiri. Mount Whitney ku California, ya mamita 4,421, imasonyeza bwino zimenezi chifukwa nsonga ndi imodzi koma njira zake n'zosiyana kutalitali.

Njira yaikulu ndi Class 1. Manja sagwira mwala, koma ndi makilomita pafupifupi 35 kupita ndi kubwera, kukwera mamita oposa 1,800, m'mwamba momwe mpweya ndi wochepa. Ambiri amene amabwerera panjira imeneyi sanakumane ndi povuta kugwira, amangotheratu. Njira ya Mountaineer's Route, imene John Muir anadzera mu 1873, ndi Class 3: yaifupi kuposa yoyambayo, koma yodutsa m'khwawa la miyala yogumuka, ndi chigawo chomaliza chofuna manja, chomwe nthawi zambiri chimakhala ndi chipale chouma. Njira ya East Buttress ndi III 5.7. Tiwerenge: III, theka la tsiku pathanthwe kwa anthu ozolowera. 5, chingwe ndi zida. 7, pofunika luso koma si za akatswiri okha. Palibe R, ndiye kuti malo omangirira alipo okwanira. Zimene mzerewo sukunena n'zakuti kukafika patsinde ndi ulendo wa maola ambiri, moti ochuluka amagona m'tenti pafupi, komanso kuti potsika amadzera Mountaineer's Route ija. Choncho wokwera 5.7 ayenera kutsikanso Class 3 ali wotopa, dzuwa likupendeka. Nthawi zonse funani nambala ya njira yotsikira, pakuti mzere umene mwawerenga umathera pansonga.

Chachisanu ndi chiwiri: chitani masamu a tsiku lonse

Tengani pepala. Pa ulendo wokafika patsinde, gwiritsani ntchito lamulo la William Naismith wa ku Scotland, la mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezera ola limodzi pa mamita 600 aliwonse okwera. Tiyerekeze kuti patsinde pali pa makilomita 6, chokwera mamita 900. Masamu akupereka maola awiri ndi mphindi 40 kapena kupitirira pang'ono, koma muli ndi chingwe ndi zitsulo kumsana, ndiye lembani maola atatu ndi theka. Grade III, lembani maola asanu. Kutsika, maola atatu. Onjezani ola limodzi ndi theka la kudya, kusochera pang'ono ndi kumasula chingwe chopotana. Afika maola 13. Njira ya theka la tsiku ija yadya tsiku lonse n'kulowa mumdima. Kuno kwathu m'mwezi wa June dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira, ndiye masamu otere akutanthauza kunyamuka ndi tochi kapena kukagona pafupi ndi tsinde.

Chachisanu ndi chitatu: funsani zimene manambala sanena

Kalasi ndi giredi sizinena za kutalika kwa phiri. Njira ya Marangu ya pa Kilimanjaro ndi yongoyenda, koma imakafika pa mamita 5,895, ndipo matenda obwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya amabweza anthu ambiri, ena kuwapha kumene. Sizinena za nyengo. Sizinena ngati mwala ndi wolimba kapena wofumbutuka. Sizidziwanso kuti phiri lasintha: mu 2015 chigawo chachikulu cha mwala chinagumuka pa njira yotchuka ya kumpoto chakumadzulo kwa Half Dome, ndipo namondwe Freddy wa mu March 2023 anagumula malo ambiri m'mbali mwa Mulanje. Buku losindikizidwa zimenezi zisanachitike limanena za njira imene mwina kulibenso.

Pa Sapitwa, ya mamita 3,002, m'pamene ndimaona kufunika kwa zonsezi. Kuchoka panyumba yogona ya Chisepo, mumakumana msanga ndi matanthwe otsetsereka oti pena mukwawe, kenako tchire lothithikana, kenako miyala ikuluikulu yoti mulowe pansi pake mutavula chikwama n'kuchikankhira kutsogolo. Kuona kwanga, mbali zimenezi ndi Class 3 mwala ukakhala wouma. Koma chiperoni chikatsika, zizindikiro za utoto pamiyala zimasowa, thanthwe limanyowa, kuzizira kumalowa m'mafupa, ndipo nambala ija ilibenso ntchito. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil amene anapitirira yekha wopanda gaidi anasochera nyengo itaipa, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata oposa awiri. Chinamupha ndi kuzizira. Kumbali ina ya phiri lomweli kuli khoma lakumadzulo la Chambe, la mamita pafupifupi 1,700, limene limatchulidwa kuti ndi lalitali kuposa onse mu Africa. Pakhoma lotero funso la giredi limaposa la kalasi.

Kwa inu magaidi, mlendo akakufunsani kalasi, musangoponya nambala kuti mumusangalatse. Muuzeni zinthu zimene nambalayo imaimira: pali malo angati ofuna manja, wogwa pamenepo angafike pati, ndi maola angati kupita ndi kubwera kwa munthu wa mayendedwe ake, ndipo mwala uli bwanji sabata ino. Wodziwa kayezedweka adziikira yekha nambala, ndipo wosadziwa amva zimene akufunikadi kumva. Inunso okwera, mafunso omwewa ndi oti mufunse amene watsika njirayo posachedwa.

Chomaliza: dziyezeni nokha, muike ola lobwerera

Kumbukirani njira yovutitsitsa imene munakwerapo bwinobwino n'kutsikanso osachita mantha, ndi tsiku lalitali kwambiri limene munakhalapo paphiri. Amenewo ndiwo kalasi yanu ndi giredi yanu. Pokweza, kwezani chimodzi pa nthawi imodzi. Mukafuna kuyesa kalasi yapamwamba, sankhani njira yaifupi, yapafupi ndi msewu. Mukafuna kuyesa giredi yapamwamba, tsitsani kalasi ndi masitepe awiri: wokwera 5.9 pa njira za gawo limodzi ayambe Grade III yake pa 5.6 kapena 5.7. Pagulu, yezerani pa munthu wofookerapo, chifukwa ndi amene adzaike liwiro la onse. Ndipo Class 5 musaiphunzire papepala kapena pa YouTube pokha. Mfundo za chingwe ndi kagwiridwe kake zimafuna munthu wodziwa ataima pambali panu.

Usiku woti mawa mukunyamuka, gwirizanani ola lobwerera ndipo aliyense alinene pakamwa. Powerengera olalo, tengani kuti kutsika malo a Class 3 ndi 4 kudzatenga nthawi yofanana ndi kukwera, pena kuposerapo. Muuzeni munthu wotsala pansi dzina la njira yokwerera, la yotsikira, ndi ola loti ayambe kukufunani mukapanda kuoneka. Ola lobwerera likakwana tembenukani, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Tochi ndi mabatire apadera zikhale m'thumba la pamwamba la chikwama, poti dzanja lozizira lizipeze mosavuta.